Masiku Asanu Ogwira Ntchito

Amene anawaletsa abambo kusunga ndalama m'nyumba ndine. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezo, chifukwa kwathu ku Kabudula palibe amene anandilozapo chala, ndipo kusandiloza kwawoko kumandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Abambo anali mlimi wa fodya kuyambira ine ndisanabadwe. Ndalama ya ku okushoni ikangolowa ku banki, iwo ankalawira m'mamawa kukakwera minibasi pa Nsaru mpaka m'tauni, n'kukaitapa yonse osasiyamo kanthu. Pobwerera ankayenda ngati munthu wopweteka mwendo, chifukwa ndalamayo inkakhala m'sokosi. Ine nditayamba ntchito ya uphunzitsi ndinayamba kuziona ngati zachikale. Pakamwa ndili napo, aliyense amene anadutsa m'kalasi mwanga angachitire umboni. Ndinawalalikira za akuba a m'depoti, za chiswe, za moto, mpaka tsiku lina anatopa nane. Anatulutsa khadi ya ku banki imene inali isanagwirepo ntchito n'kuiika patebulo.

"Tengani, aphunzitsi. Inu ndi amene mumadziwana ndi makinawo."

Akafuna kundiseka ankanditchula choncho, aphunzitsi, ndi ulemu wonse ngati ndine mlendo. Kuyambira tsiku limenelo khadi inkakhala ndi ine. Feteleza ndinkagula nayo, mankhwala ndinkagula nayo, ndipo ndinkayenda mothimbwidzika ndikamabwera ndi kalisiti kuti ndiwawerengere.

Kuti nkhaniyi imveke ndiyenera kunena za ng'ombe. Abambo anali mkamwini. Kwawo kunali kupitirira Namitete, ukapatuka pa msewu wa ku Mchinji n'kulowa m'fumbi, koma anakhala m'mudzi wa amayi zaka zoposa makumi anayi, kulima munda wa eni, kumanga pa malo a eni. Kwawoko kunatsala munthu mmodzi wa bere limodzi, mlongo wawo wamkulu, azakhali anga. Pa mwambo wathu ife ana ndife a kuchikazi. Amene abambo ankayenera kuwayang'anira monga mwini mbumba anali ana a azakhaliwo. Koma chaka chimene ndinasankhidwa kupita ku sekondale fodya anakanika. Abambo anapita kwawo, anatulutsa m'khola ng'ombe ziwiri zokoka ngolo zimene agogo anasiya, n'kukazigulitsa osafunsa munthu. Fizi yanga inachokera kumeneko. Chaka chomwecho mwana wa azakhali, amene anthu amati ankandiposa nzeru, anasiya sukulu.

Azakhali anawalankhula abambo pagulu, anthu akumva. Anati atenga ng'ombe za amayi awo kukadyetsa mbumba ya eni, ndipo asadzapondenso pakhomo pawo. Kuyambira pamenepo awiriwa ankangopatsana moni pa maliro, moni wa anthu okumana ku chigayo. Zaka makumi awiri zinatha choncho. Kunyumba kwathu nkhaniyi sinkatchulidwa, koma ine ndinkaidziwa bwinobwino, ndipo ntchito yangayi ndimadziwa kumene inachokera.

Abambo anayamba kudwala m'mimba fodya ali m'chigafa. Tinayenda nawo ku chipatala cha mishoni, kenako ku chipatala chachikulu m'tauni, ndalama ya fodya n'kumathera m'njira. Pofika mu Okutobala adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti tizikawasamalira kunyumba. Mawu amenewo aliyense amadziwa tanthauzo lake. Abambo nawonso anadziwa, ngakhale tonse tinkawauza kuti akuoneka bwino, monga timachitira ndi wodwala.

Lachinayi lina masana, nditawabweretsera madzi pakhonde, anandigwira dzanja.

"Kodi m'kakhadi kaja mwatsala kanthu?"

"Mwatsala pang'ono, ababa."

"Ingakwane petulo wa kwathu, kupita ndi kubwera?"

"Ingakwane."

"Ndiye undiperekeze kwa alongo anga. Ndili nawo mawu."

Ndinati bwanji ndiwaimbire foni azakhali kudzera kwa mpongozi wawo amene amakhala nawo pafupi. Anapukusa mutu. Azakhali makutu anali atayamba kuvuta, ndipo abambo anati mawu awowo si okuwa pafoni mudzi wonse ukumva. "Ndikufuna ndikakhale pansi pakhomo pawo, andione nkhope," anatero. Sananene kuti ndi mawu anji, ndipo ine sindinafunse.

Galimoto inalipo, kagalimoto kakale kamene amuna anga anasiya popita ku Joni, kamene ndinaphunzirira kuyendetsa pa bwalo la mpira la kusukulu. Chimene kunalibe ndi petulo. Inali nthawi ija mafuta ankasowa, anthu n'kumatsatira thanki ya mafuta pamsewu ngati akuperekeza mkwati. Minibasi zinali zowerengeka ndiponso zothinana, ndipo abambo sakanatha kukhala pa njinga yamoto ngakhale kwa mphindi khumi.

Amayi anavomera ulendowo koma anaika lamulo: asamve munthu. "Ukudziwa pakamwa pa anthu a muno," anandiuza tili kuseri kwa nkhokwe. "Adzati tamudya ali ndi mphamvu, wadwala tikukamutula kwawo. Mupite mwakachetechete, mukagone tsiku limodzi, mubwere nawo." Abambo nawo anali ndi lamulo lawo. Ulendo wa kwawo ayendera ndalama yawo ya fodya, osati yopempha kwa alamu awo. Ndinatumiza uthenga kwa mpongozi uja kuti awauze azakhali kuti Loweruka tikubwera.

Lachisanu m'mawa mphunzitsi mnzanga anandiuza kuti mafuta afika pa filing'i ina cha ku Njewa. Ndinapempha kwa ahedi n'kunyamuka ndi petulo wotsala. Mzere ndinaupeza utakhota kale. Ndinaima pamenepo kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka, kukankha galimoto ndi manja mzere ukasuntha kuti ndisawononge dontho. Tinadya chinangwa chophika, tinakangana ndi a njinga zamoto olowerera kutsogolo, tinagwirizananso. Nditayandikira, mtsikana wothira mafuta anabwera ndi kamakina ka makhadi m'manja. Anati kuti zinthu zifulumire akuyamba aswaipa makhadi anthu asanafike pa pampu. Kamakinako kagwira kaye ndalama imene wanena, ndipo ukathira n'kupezeka kuti ina yatsala, yotsalayo ibwerera.

Ndinamupatsa khadi. Kamakina kanaganiza, kanaganiza, kenako kanati netiweki yavuta.

"Tiyesenso, amayi," anatero mtsikanayo, akukweza kamakinako m'mwamba ngati akuyanika.

Tinayesanso. Ulendo uno kanavomera, kalisiti kanatuluka. Ndinamva mtima kukhala pansi, ndinayamba kuganiza za mapilo amene ndiwaikire abambo kumpando wakumbuyo. Kutsogolo kwanga kunatsala galimoto zinayi. Itathira yachiwiri, pampu inatsokomola n'kusiya. Mafuta anali atatha.

Phokoso limene linabuka pamenepo sindingalifotokoze, ndipo langa linali pamwamba pa onse. Mtsikana uja anatenga khadi yanga, anadinadina kamakina, n'kundipatsa kalisiti kena kosonyeza kuti malonda afafanizidwa. Anali wotopa, milomo itauma, ndipo anandipepesa kawiri. Ine ndinali nditayang'ana kale pafoni. Mauthenga a ku banki anali awiri. Ndalama inali itachoka kawiri, ya ulendo umene netiweki inavuta ndi ya ulendo umene kamakina kanavomera. Imene inatsala mu akaunti sinkakwana ngakhale botolo la mafuta ophikira.

"Ibwerera yokha, amayi, musadandaule. Ifetu sitinalandire, yangogwidwa ku banki."

"Ibwerera liti?"

"Nthawi zina mawa lomwe. Nthawi zina imatenga masiku."

Ndinaimba nambala ya kuseri kwa khadi ndili pomwepo. Anandiyankha bambo wa mawu ofatsa, wophunzitsidwa bwino kusakwiya. Anati ndalama yanga sinapite kulikonse, ilipo ndithu, angoigwira podikira kuti a mafutawo aitenge kapena aisiye. Akapanda kuitenga imamasuka yokha pakadutsa masiku atatu mpaka asanu ogwira ntchito. Ndinamuuza kuti ndili ndi wodwala. Anati pepani kwambiri. Ndinamufunsa ngati Loweruka ndi tsiku logwira ntchito, poti ife kwathu timalima. Anati ayi, Loweruka ndi Lamulungu sawerengera.

Ndinafika kunyumba kanyale ka petulo katayaka. Abambo anali pakhonde. Amayi anali atawameta ndevu, ndipo nsapato zawo za ku tchalitchi zinali pambali zitapolishidwa.

"Mwaupeza, aphunzitsi?"

Apa ndi pamene ndinalakwa. Ndikanakhala pansi n'kunena kuti ababa, kakhadi kaja kagwira ndalama yanu, ndilibe pogwira. Koma ndinawayang'ana mmene anaondera, khosi likusambira m'kolala ya shati, ndipo ndinati, "Mafuta anatha ndisanafike. Mawa tiupeza." Ndinadziuza kuti wodwala sauzidwa zodetsa nkhawa, ndipo n'zoona, umu ndi mmene tinakulira. Koma panalinso china. Sindinkafuna kuti aone kuti makina anga aja, amene ndinawalalikira zaka zonsezi, andigwetsa pa tsiku limodzi lokha limene iwo anandipempha kanthu.

Loweruka kunamveka kuti mafuta afika pa filing'i ina yapafupi, mbali ya ku Nsaru. Ndinapita ndikupemphera kuti galimoto isandithere m'njira, ndiponso kuti mwina ndalama yamasuka. Mzere unali waufupi. Ndinafika mpaka pa pampu penipeni, wothira mafuta atatsegula kale chivundikiro cha thanki yanga, fungo la petulo lili m'mphuno. Khadi inakana. Tinayesa ndalama yochepa, inakananso. Kumbuyo anthu anayamba kuliza mahutala, wina n'kukuwa kuti amayi ngati mulibe ndalama tapatukani. Amuna awiri anandithandiza kukankhira galimoto pansi pa mtengo, ndipo sinalirenso. Kutsidya kwa msewu kunali anthu ogulitsa petulo wa m'zigubu pa mtengo wowirikiza, koma iwo amafuna ndalama ya m'manja. Malipiro anga a mwezi anali atathera ku chipatala. Amuna anga ndinawaimbira, anati kumene akugwira ganyu awalipira sabata yamawa. Ndinasiya galimoto m'manja mwa mlonda n'kubwerera pa kabaza wopalasa.

"Galimoto ili kuti?" abambo anafunsa. Anali atavala jekete lawo, kutentha konse kuja.

"Ndaisiya pa mzere, ababa, kuti tisataye malo."

"Wachita bwino," anatero. "Nzeru zimenezo."

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinaona amalume, achimwene awo a amayi, amene ali ndi chigayo ndipo ndalama ya m'manja siwasowa. Ndinayamba kulunjika kumene anaima. Amayi, amene ndinali nditawauza zoona, anandikoka chitenje.

"Ukawauza kuti ndi ya chiyani?"

"Ndinena kuti ndi ya mankhwala."

"Mawa akaona galimoto ikutuluka ndi bambo ako? Dikira, mwanawe. Si wanena wekha kuti ibwerera?"

Ndikanatha kuwakana amayi. Ndawakanapo pa zinthu zambiri zopanda pake. Koma tsiku limenelo abambo anali atadzuka bwino. Anamwa phala kapu yonse, anafunsa za nazale ya fodya, anaseka nkhuku imene inkafuna kuikira m'chipewa chawo. Ndinati mumtima, munthuyu akadalipo, masiku awiri si kanthu. Anthu odziwa anandiuza pambuyo pake kuti wodwala amatero akatsala pang'ono.

Lolemba ndinaphunzitsa foni ili patebulo, maso ali pafoni. Ndinaimbanso ku banki nthawi yopuma. Anandiyankha mayi wina, anandiuza zomwe zija, n'kuwonjeza kuti lero ndi tsiku loyamba. Mpongozi wa azakhali anatumiza uthenga wofunsa ngati tasintha maganizo. Anati azakhali akhala panja kuyambira Loweruka, galimoto iliyonse ikamveka kumsewu akufunsa ngati ndi imeneyo. Ndinayankha kuti mafuta avuta, tibwera Lachitatu. Abambo sindinawawerengere uthenga umenewo.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, ndinawapeza atavula nsapato koma jekete akadali nalo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mzerewo ndi wautali, eti?"

"Ndi wautali, ababa."

"Chabwino. Ukapita mawa uwauze kuti pali mkulu wina akufulumira."

Anaseka pang'ono, ine ndinasekanso, kenako ndinapita kuseri kwa bafa kukalira.

Anamwalira Lachiwiri masana, ine ndili m'kalasi. Amayi akuti abambo anapempha kuti awatulutse pakhonde, anakhala moyang'ana kumsewu, kenako mutu unangoweramira pachifuwa. Pamene ndinkafika n'kuti akulu a m'mudzi atawalowetsa kale m'nyumba.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndimachiganizira mpaka lero, ndipo chimandipsetsa mtima. Mkamwini akamwalira amakaikidwa kwawo, zimenezo sizifuna kukambirana. Pasanathe maola awiri amalume anali atatulutsa ndalama ya kuchigayo. A mphakati wathu wa tchalitchi anasonkha, aphunzitsi anzanga anasonkha. Zigubu ziwiri za petulo wodula uja zinafika pa njinga, lole inapezeka, galimoto yanga anakaitenga pansi pa mtengo paja. Palibe amene anafunsa kuti anthu adzati chiyani. Petulo amene ndinamusowa masiku anayi kuti ndinyamule munthu wamoyo anapezeka tsiku lomwelo kuti tinyamule mtembo, ndipo anatsalako.

Amuna amene anasambitsa thupi anawapatsa amayi jekete lija. Amayi polipinda anamva chinthu cholimba m'kati mwa nsalu. Anatumbula ulusi, ndipo munatuluka mpukutu wa ndalama womangidwa ndi mphira, zina zakale zofewa ngati nsanza, zina zatsopano. Amayi sankadziwa, ine sindinkadziwa. Zikuoneka kuti munthuyu, zaka zonse zimene ine ndinkanyadira khadi, ankapatula pang'onopang'ono za mtedza ndi za nkhuku n'kumasokerera yekha. Tinayang'anana ndi amayi. Tonse tinadziwa amene ankamusungira, ndi chifukwa chake jekete silinkachoka m'thupi masiku anayi aja.

Sinali ndalama yogula ng'ombe, ngakhale mwendo wake. Koma petulo wa m'chigubu wokafika ku Namitete ikanagula. Ndikanangonena zoona Lachisanu lija, abambo akanasankha okha, kutumbula ulusi kapena kudikira. Mwina akanakana, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mpata wosankhawo ndinawalanda ndine.

Ndalama ya m'khadi inabwereradi, yonse, osachokapo tambala. Uthenga wake unalowa Lachinayi, tsiku lachinayi logwira ntchito. A banki sananame.

Tinanyamuka Lachitatu m'mawa, lole patsogolo, ine pambuyo ndi amayi ndi amayi ena awiri a mphakati. Tinadutsa pa Nsaru, tinatulukira pa tala, tinapitirira Namitete, n'kupatukira m'fumbi. Ulendo wonse sunakwane maola atatu. Ndinkangoyang'ana bokosi likugwedezeka pa lole, ndi kuganiza kuti mtunda wake unali womwewu basi.

Azakhali ndinali ndisanawaone zaka zambiri. Ndinkawakumbukira ngati mayi wamtali wa mawu olasa, ndipo kunena zoona ndinkawaopa. Ndinapeza kankhalamba kakang'ono katakhala pamphasa m'nyumba ya siwa, miyendo itatupa, maso atachita mtambo. Mwambo wonse unayenda, abambo tinawaika masana pafupi ndi amayi awo. Anthu atayamba kubalalika, mpongozi uja anadzandinong'oneza kuti azakhali akundifuna.

Ndinagwada pafupi nawo. Anandipapasa nkhope, kenako anandigwira dzanja lamanja n'kulitembenuza.

"Ndiwe mphunzitsi uja?"

"Ndine, azakhali." Ndinayenera kukweza mawu kuti amve.

"Akuti umaphunzitsa bwino."

Ndinamasula mpukutu uja pa nsonga ya chitenje n'kuwaika m'manja. Ndinawauza kumene tinaupeza. Ndinawauzanso zonse, za khadi, za mzere, za bodza langa, mokuwa, amayi ena ali pomwepo akumva, ndipo sindinasamale. Ndinkafuna andikalipire monga anawakalipira abambo kale lija. Iwo anangoufinya mpukutuwo, osaumasula.

"Ndiye amati adzandiuze chiyani?"

"Sananene, azakhali. Anangoti ali nanu mawu, akufuna adzakhale pansi pakhomo panu."



"Za ng'ombe zija," anatero. "Iii, mwana ameneyu. Ng'ombe zija zikanafa kalekale ndi ukalamba. Ine chimene chimandisowetsa tulo ndi pakamwa pangapa, kumuthamangitsa mwana wa amayi anga anthu akuona. Chimvereni kuti akubwera, ndimakonza mawu. Ndinamuuza mpongoziyu kuti akangotsika galimoto undikhazike pafupi, asayambe ndi iyeyo, ndiyambe ndine."

Anaika mpukutu uja pamphasa ngati chinthu chotentha, n'kutembenukira kukhomo kumene anthu ankatulukira.

"Nanga tsopano ndikamuuze ndani?"